Galu wouwa usiku wonse salondera nyumba

Ku Chankhanga, kwa Juma ndi m'madera ena a tauni ya Kasungu nyumba zathinana kusiyana ndi kale. Puloti imene inali ya banja limodzi lero ili ndi nyumba yaikulu kutsogolo, kumbuyo kuli mdadada wa zipinda za lendi. Zenera la kuchipinda kwa wina limayang'anizana ndi khola la mnzake, pakati pali mamita 2 kapena 3 basi. Koma ziweto tikuzisungabe ngati tili kwa Wimbe kapena kwa Chulu, kumene galu akauwa mawu ake amathera m'munda wa fodya asanafike pakhomo lina. M'tauni mawu amenewo amathera m'khutu mwa munthu.

Mwini galu ndiye amakhala womaliza kumva. Khutu lake linazolowera, ndiponso khola analimanga kutali ndi chipinda chake, chakumpanda, kumene kuli pafupi ndi aneba. Osowa tulo ndi ena: namwino amene wachezera kuchipatala ndipo akufuna kugona masana, mwana wa Fomu 4 amene mayeso a MSCE amuyandikira, wakabaza wodzuka 4 koloko m'bandakucha, mayi amene wangogoneka khanda movutikira.

Anthu ambiri akadandauliridwa amayankha kuti galu ndi mlonda, musiyeni agwire ntchito yake. Ine ndikuti galu wouwa kuyambira 10 koloko usiku mpaka tambala woyamba sakulondera chilichonse, chifukwa palibenso amene amadzuka akamumva. Tsiku limene wakuba adzalumphe mpanda, m'nyumba adzangotembenuka n'kukoka bulangete. Wakubayo amadziwanso pamene galu wamangidwa, poti galuyo amadziulula yekha usiku wonse. Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe, ndipo mlonda weniweni sauwanso pachabe. Nyengo imene fodya akugulitsidwa ku Chinkhoma, ndalama zili m'nyumba ndipo akuba akuyendayenda, mumafunika galu woti akauwa kawiri mutukule mutu. Choncho kuchepetsa phokoso kumapindulira mwini galu poyamba, aneba pambuyo.

Musanayambe kukonza chilichonse, mvetserani. Kwa masiku 7 lembani m'kope nthawi imene galu wayamba kuuwa, nthawi imene wasiya, ndi chimene chimachitika pa nthawiyo. Maola amene simukhala pakhomo funsani aneba akuuzeni, ndipo kufunsa kumeneko pakokha kumaziziritsa mitima. Mawu a galu ali mitundumitundu. Akauwa mofulumira, mawu okhuthala, atayang'ana mbali imodzi, waona kapena wanunkhiza chinthu. Akamauwa kamodzikamodzi, kupuma, kuuwanso, mawu osasintha kwa ola lathunthu, ameneyo wasungulumwa kapena watopa ndi kukhala malo amodzi. Kulira kwa mawu aang'ono kosakanikirana ndi kukanda chitseko ndi njala, ludzu, kuzizidwa kapena ululu. Kukuwa kotalika kuja, kumene ena amati ndi malodza, nthawi zambiri galu amakhala akuyankha agalu anzake a kutali kapena wanunkhiza wamkazi. Mankhwala a mtundu umodzi sachiza mtundu wina, n'chifukwa chake kope lija ndi lofunika.

Yambani ndi m'mimba

Agalu ambiri a m'makomo mwathu amadya kamodzi, madzulo, ndiponso amadya zotsala. Tsiku limene ana amaliza nsima yonse, galu amagona ndi mkute wa dzulo kapena ndi njala. Galu wamkulu azidya kawiri pa tsiku, m'mawa ndi chakumadzulo cha m'ma 6 koloko, nthawi yake osasinthasintha. Galu wachikuda wolemera makilogalamu 15 amafunika pa tsiku phala lolimba la mgaiwa wokwana kapu imodzi ndi theka, kuphatikizapo usipa kapena bonya wodzaza manja awiri, kapena ufa wa soya wokazinga. Gaga yekha amadzaza mimba koma sakhutitsa thupi, ndipo galu wodya gaga yekhayekha amamvanso njala pakati pa usiku. Soya wosaphika amatsegula m'mimba. Anyezi, mafupa a nkhuku ophika ndi msuzi wa mchere wambiri asapite m'mbale mwake: anyezi amawononga magazi a galu, mafupa ophika amasweka ngati singano n'kubaya matumbo, mchere umamuonjezera ludzu usiku. Muyeso wabwino ndi nthiti. Mukasisita m'mbali muzizimva ndi zala, koma zisamawerengeke ndi maso muli chapatali.

Madzi ndiwo amaiwalika kwambiri. Galu amamwa mamililita 50 mpaka 60 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, ndiye kuti wa makilogalamu 15 amafuna pafupifupi lita imodzi pa tsiku, ndipo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, Kasungu akatentha, amamwa kuposa pamenepo. Chimene chimalakwika n'chakuti madzi amaikidwa m'kambale kopepuka, unyolo n'kukagubuduza m'mawa momwemo, galu n'kukhala tsiku lonse pouma. Kumbani kadzenje mukwiriremo theka la ndowa yaing'ono, kapena ikani beseni m'kati mwa tayala lakale, pa mthunzi.

Juni ndi Julayi vuto limatembenuka. Galu wachikuda ali ndi ubweya waufupi, ndipo kugona pa simenti kapena pa dothi lozizira kumamuliritsa cha m'ma 2 kapena 3 koloko, pamene chisanu chakula. Thabwa lokwezedwa masentimita 10 kuchokera pansi, pamwamba pake chiguduli kapena masaka awiri, limathetsa kulira kumeneku usiku womwewo. Khomo la khola lisayang'ane kum'mwera chakum'mawa kumene mphepo ya nyengo imeneyi imachokera.

Kenako tembenuzani galuyo mumuone bwinobwino: m'makutu, pakati pa zala, m'khwapa, pansi pa mchira. Nkhupakupa zimabisala mmenemo. Utitiri umaoneka ngati timadontho takuda pamimba ndi pa tsinde la mchira. Galu woyabwidwa sagona, ndipo galu wosagona amamva chilichonse n'kuchiuwa. Mankhwala ake funsani alangizi a ziweto a ku EPA (ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu) kapena ku ofesi ya a vetenale, ndipo muyeso wa pa botolo muutsatire ndendende. Dibi wa ng'ombe wosungunula mongoyerekeza wapha agalu ambiri. Mankhwala opopera fodya kapena thonje si a pa thupi la nyama. Oyilo wakuda wa galimoto amene ena amapaka galu wa mphere amawotcha khungu, galuyo amamunyambita n'kudwala chiwindi. Mukasambitsa galu, tsukaninso masaka ake ndi kusesa khola, chifukwa mazira a utitiri ambiri ali pansi, osati pa galu. Mankhwala a njoka zam'mimba galu wamkulu azimwa miyezi 3 iliyonse.

Unyolo ndi bokosi

Pali chikhulupiriro chakuti galu ukamutsekera m'kabokosi ka mdima tsiku lonse amakhala wolusa. Ena amaonjezera tsabola kapena chamba m'chakudya. Zimenezi zimandipweteka mtima, chifukwa ndi nkhanza, ndiponso sizibala chimene mwiniyo akufuna. Galu wokulira m'bokosi sadziwa kusiyanitsa mlendo, mwana wa aneba ndi wakuba. Amaopa zonse ndipo amauwa zonse. Akatsegulidwa usiku amatuluka ndi mphamvu za maola 14 zimene sanagwiritse ntchito, n'kuzithera pa kuthamanga m'mbali mwa mpanda uku akuuwa. Womangidwa pa unyolo wa mita imodzi pansi pa mtengo wa mango naye ali chimodzimodzi: amaona zinthu zikudutsa, sangazifikire, sangazithawe, chomwe watsala nacho ndi pakamwa.

Ngati mulibe mpanda woti galu aziyenda momasuka, mangani waya woyendamo. Zikani mitengo kapena mapaipi awiri motalikirana mamita 8 mpaka 10, kokani waya wolimba pakati pake, lowetsani mphete ya chitsulo, ndipo ku mpheteyo mangani unyolo wopepuka wa mamita 2 wokhala ndi kachitsulo kozungulira kuti usapotane. Pa wayayo, mtunda woposa kutalika kwa unyolowo musanafike pa mtengo uliwonse, ikani chotchinga kuti mphete isafike kumapeto, apo ayi galu amazungulira mtengo n'kudzikola. Onetsetsani kuti unyolo sukufika pa mpanda, chifukwa galu akalumpha mpanda ali womangidwa amadzipachika. M'khosi mukhale lamba wachikopa kapena wansalu, wolowa zala ziwiri, osati waya kapena chingwe cha nayiloni chimene chimadula khungu. M'njira ya wayayo mukhale mthunzi, madzi ndi pogona.

Waya yekha sakwanira. Galu aziyenda kunja, ali pa chingwe, mphindi 30 m'mawa ndi mphindi 30 chakumadzulo. Muloleni anunkhize m'njira, chifukwa kununkhiza nako kumatopetsa galu. Ntchito imeneyi mnyamata wa pakhomo wa zaka 13 kapena 14 angathe, bola galuyo akhale wobayitsa katemera. Pobwera mupatseni fupa lalikulu la ng'ombe losaphika, lija la pa bondo, limene ku butchala amagulitsa motchipa. Amatha ola lathunthu akulikukuta, ndipo kawirikawiri tulo timamupeza pomwepo.

Malo a khola ndi nkhani ya masamu pang'ono. Galu wamkulu akauwa pafupi, mawu ake amatha kupitirira ma decibel 90 (decibel ndi muyeso wa kukula kwa phokoso), pomwe bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti m'chipinda chogona phokoso la usiku lisapitirire 30. Panja, mtunda ukawirikiza kawiri, mawu amatsika ndi ma decibel 6. Khola limene lili mamita 2 kuchokera pa zenera la aneba mukalisunthira pa mamita 8, mwatsitsa 12, ndipo khutu limamva ngati phokoso latsika kupitirira theka. Mukaika nyumba yanu pakati pa khola ndi zenera lawo mwapindula koposa. Mpanda wa udzu kapena wa tsekera sutchinga mawu. Wa malata umatchinga pang'ono koma umalira wokha galu akaugunda. Njerwa ndizo zimagwira mawu, choncho khola likhale la njerwa mbali zitatu, mita imodzi m'lifupi, mita imodzi ndi masentimita 20 m'litali, msinkhu mita imodzi, khomo litayang'ana ku nyumba yanu. Denga la malata lifoleredwe udzu pamwamba, chifukwa malata okha amasandutsa khola uvuni masana, ndipo mvula ikamagwa amachita phokoso loopsa galu. Siyani mpata wa mpweya pansi pa denga.

Galu amauwa chimene akuona. Ngati geti ili ndi mpata pansi kapena mpanda uli ndi mabowo oyang'ana ku njira yopita ku mjigo kapena kusukulu, ndiye kuti mwamupatsa ntchito ya tsiku lonse. Munthu aliyense wodutsa amamuuwa, munthuyo amapitirira ulendo wake, galu n'kuganiza kuti wamuthamangitsa ndi iye. Mawa amauwa mwamphamvu kuposa lero. Tsekani mipatayo ndi mphasa, matabwa kapena chidutswa cha lata mpaka msinkhu wa mita imodzi ndi theka. Ana a sukulu amene amagenda galu kapena kumenya geti ndi ndodo alankhulidwe kudzera kwa makolo awo, chifukwa galu wogendedwa amasunga mkwiyo pa ana onse.

Phokoso loipitsitsa, lija la agalu 8 kapena 10 kumenyana pa mphambano mpaka mbandakucha, gwero lake ndi galu mmodzi wamkazi amene wafika pa nyengo yofuna amphongo. Zimachitika kawiri pa chaka, masabata 2 mpaka 3. Chizindikiro choyamba ndi kutupa kumaliseche ndi timadontho ta magazi, ndipo amayamba kulola amphongo patapita masiku ngati 9. Kumumanga pa unyolo panja sikuthandiza, amphongo amamupeza pomwepo ndipo ndewu imachitikira pakhomo panu. Mutsekereni m'chipinda chokhala ndi denga ndi chitseko kwa masiku 21 kuyambira tsiku limene mwaona magazi, muzimutulutsa pa chingwe kangapo pa tsiku. Njira yokhalitsa ndi opaleshoni yotseka kubereka. Funsani a vetenale pa boma, ndipo ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 130 pa msewu wa M1, kuli bungwe losamalira nyama la LSPCA limene limagwira ntchito imeneyi. Jakisoni wolera wa anthu musamubaye galu, amayambitsa mafinya m'chiberekero ndipo matenda amenewo amapha. Wamphongo akathenedwa amachepetsa kuyendayenda ndi ndewu, koma kulondera sasiya, zoti amasanduka wamantha si zoona. Kuthena galu si kofanana ndi kufula mbuzi: mphira kapena lumo lapakhomo ayi, pamafunika dokotala ndi mankhwala ogonetsa.

Zonsezi zikakonzeka, ndiye mungayambe kumuphunzitsa mawu amodzi. Sankhani "basi" kapena "chete", ndipo nyumba yonse izigwiritsa ntchito mawu omwewo. Yambani masana. Wina agogode pa geti. Galu auwe kawiri kapena katatu, chifukwa ntchito yake ndi imeneyo. Inu pitani pamene ali, yang'anani kumene akuyang'ana kuti aone kuti uthenga wafika, nenani "basi" kamodzi ndi mawu otsika, n'kumuonetsa usipa umodzi pafupi ndi mphuno. Galu sangathe kununkhiza ndi kuuwa nthawi imodzi. Akakhala chete werengani mpaka 3, mupatseni. Chitani zimenezi mphindi 5, kawiri pa tsiku. Sabata yachiwiri werengani mpaka 10, kenako mpaka 30, ndipo usipa muzibisa m'thumba, uzituluka akamvera. Pakutha pa masabata 3 kapena 4 agalu ambiri amakhala atagwira.

Zimene zimawononga maphunzirowa ndi zodziwika. Kukalipa muli pa zenera, "Iwe! Choka!", kwa galu kumamveka ngati mbuye wake akuuwa naye limodzi. Kumuponyera nsima kuti akhale chete kumamuphunzitsa kuti nsima imabwera ukauwa. Kumumenya kumamuletsa pamene inu mulipo, mukachoka amauwa koposa, tsopano chifukwa cha mantha. Ndipo galu amene anazolowera kuti akalira mumatuluka, mukasiya kutuluka amayamba walira koposa kwa masiku 3 kapena 4 asanagonje. Ambiri amathera pamenepa n'kunena kuti njirayi yalephera, chonsecho inali pafupi kugwira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Achenjezeni aneba za masiku amenewa asanafike, kuti asaganize kuti zinthu zikuipiraipira.

Kamwana ka galu kali ndi zake. Kasachotsedwe kwa mayi wake kasanakwane masabata 8. Timaona tiana ta masabata 3 kapena 4 tikugulitsidwa m'mbali mwa msewu, ndipo timeneti timalira usiku wonse chifukwa sitinathe kuyamwa, tambiri timafa. Masiku oyamba kagonekeni m'katoni m'khitchini kapena pafupi ndi chitseko cha kuchipinda, ndi chiguduli ndi botolo la madzi ofunda lokulunga m'nsalu. Kazidya kanayi pa tsiku. Mankhwala a njoka kazilandira masabata awiri aliwonse mpaka katakwana masabata 12, ndipo pa miyezi 3 kabayidwe katemera wa chiwewe.

Pa chiwewe pomwepa pali chinthu choti aliyense, woweta ndi wosaweta, adziwe. Galu amene mawu ake asintha mwadzidzidzi, akuuwa mosasa, akutuluka dovu, akuluma mitengo kapena miyala, kapena anali wolusa koma wangoti zii nsagwada ili pansi, ameneyo si nkhani ya phokoso. Musamugwire, musayese kumuchotsa fupa pakhosi poganiza kuti latsamira. Mutsekereni ngati n'kotheka popanda kumukhudza, itanani a vetenale. Wolumidwa atsuke bala ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15 ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa zizindikiro za chiwewe zikayamba kuoneka pa munthu sipakhalanso mankhwala. Galu wolumayo asungidwe ndi kuonedwa masiku 10. Katemera azibayidwa chaka ndi chaka, ndipo tsiku lokumbukira kulimbana ndi chiwewe pa dziko lonse, 28 Seputembala, ndi chikumbutso chabwino choyang'ana khadi lake.

Atambala, nkhanga ndi amphaka

Nkhuku yaikazi imaikira mazira popanda tambala. Tambala amafunika pokhapokha mukufuna anapiye, ndipo mmodzi amakwanira misoti ndi mathadzi 10. Pakhomo pakakhala atambala atatu, wamkulu amayamba, enawo amatsatira mwa ukulu wawo, a kwa aneba n'kuyankha, mpikisano mpaka dzuwa kutuluka. Otsalawo agulitseni kapena adyeni. Tambala ali ndi wotchi yake m'thupi, kulira m'bandakucha simungamuletse, koma kuwala kumamuonjezera. Babu la panja loyaka usiku wonse pafupi ndi khola limamuliritsa ngakhale 1 koloko. Zimitsani babulo kapena tchingani mbali imene kuwala kumalowera. Njira ina ndi kumugoneka m'bokosi la masentimita 40 mpaka 45 msinkhu, loboola mabowo a mpweya, m'khitchini kapena m'chipinda chosungira katundu, n'kumutulutsa 6 koloko. Polira tambala amafuna kutambasula khosi, ndiye denga lalifupi limamuchepetsa, ndipo makoma amagwira zotsalazo. Kumumanga mphira pakhosi ayi, amatsamwa.

Nkhanga, kunena zoona, si za pa puloti ya m'tauni. Zimalira pa chilichonse chachilendo, zimauluka mpanda, zimagona pa denga kapena mu mtengo wa aneba. Kumudzi phokoso lomwelo ndi chitetezo ku akabawi ndi njoka, choncho zipititseni kumeneko. Nkhumba imalira chakudya chikachedwa, ndipo ikazolowera ola limodzi tsiku lililonse imadikira mwakachetechete, ngakhale kuti pa nkhumba chodandaulitsa chachikulu ndi fungo ndi ntchentche.

Amphaka amavutitsa pa malata. Wamkazi amatha kutenga bere ali ndi miyezi 4 kapena 5 yokha, ndipo akapanda kukweredwa nyengo yake imabwerera masabata 2 kapena 3 aliwonse, ndi kulira kuja kofanana ndi khanda. Amphongo amamenyanirana pa denga la munthu amene alibe n'komwe mphaka. Mankhwala ake ndi opaleshoni yomwe ija, komanso kumutsekera m'nyumba usiku. Makoswe amene munamutengera ali m'chipinda cha matumba a chimanga, osati pa denga la aneba. Muikireni beseni la mchenga pakona loti azichitiramo chimbudzi. Dibi wa agalu asamukhudze mphaka, ambiri mwa mankhwala amenewa kwa iye ndi poizoni, monganso Panado.

Tsopano kwa inu amene mukusowa tulo chifukwa cha chiweto cha mnzanu. Musapite 2 koloko usiku mtima uli m'mwamba, ndipo musayambire pa gulu la WhatsApp la m'dera kapena kuimba nyimbo zokuluwika potsuka mbale. Munthu wochititsidwa manyazi pagulu amateteza galu wake ngakhale akudziwa kuti walakwa. Musatume ana. Pitani nokha chakumadzulo, odini, khalani pansi, funsanani za moyo. Kenako nenani zooneka: "Achimwene, pepani ndabwera ndi kankhani. Galu wathuyu masiku ano akumayamba cha m'ma 11 mpaka 3 koloko, ndipo khola lake lili pafupi ndi pamene amagona amayi, amene sakupeza bwino. Kaya mwina akuzizidwa? Tingathandizane bwanji?" Mawu oti "wathuyu" ndi funso la kumapetolo zimatsegula njira. Ngati mwajambula phokosolo pa foni muli m'chipinda chanu, amvetseni, chifukwa ambiri sadziwa moona mtima mmene limamvekera mbali inayo. Gwirizanani chinthu chimodzi choti chichitike, monga kusuntha khola, ndipo mupatsane masabata awiri.

Zikakanika, pa nyumba za lendi nkhani ipite kwa eni nyumba. Pa mapuloti oyandikana ipite kwa amfumu a m'dera, ndipo ndi bwino kupita awiri kapena atatu amene mukuvutika, kuti isaoneke ngati chidani cha munthu mmodzi. Pamwamba pa apo pali khonsolo ya tauni ya Kasungu, ndi ofesi ya Victim Support Unit kupolisi imene imayanjanitsa anthu pa mikangano ya m'makomo. Ngati galuyo akuzunzidwa, wopanda madzi kapena ali ndi zilonda za unyolo, dziko lino lili ndi lamulo lotchedwa Protection of Animals Act loletsa nkhanza kwa nyama, ndipo a vetenale angathe kulankhula ndi mwini wake.

Chimene sichiyenera kuchitika ndi tameki. Nyama yothira poizoni yoponyedwa kuseri kwa mpanda sisankha wodya: nkhuku, mphaka, galu wina wosalakwa, ngakhale mwana wokwawa amene amatola chilichonse n'kuika m'kamwa. Imfa yake ndi yowawa kwambiri, ya kuphupha ndi thovu kukamwa. Kupha chiweto cha mwini ndi mlandu pa malamulo a dziko lino. Komanso kuno galu akafa ndi poizoni anthu amaganiza kuti akuba akukonza njira, ndiye amene anadandaulapo za galuyo amasanduka woganiziridwa woyamba pa chilichonse chimene chidzasowe pakhomopo.

Inu eni chiweto, aneba akabwera musayankhe kuti galu alibe switchi kapena kuti puloti ndi yanu. Munthu akafika pobwera kudzanena amakhala atapirira milungu yambiri. Walira mvula walira matope: munafuna galu, ndiye zake zonse ndi zanu. Apatseni nambala yanu kuti galu akayamba usiku kapena inu mutachoka azingokufulashani. Mukamapita kumudzi kokagona, musasiye galu womangidwa ndi mphika wa nsima ya masiku atatu. Pezani munthu amene galuyo amamudziwa, azibwera kawiri pa tsiku kudzamupatsa chakudya, madzi ndi kumuyendetsa, ndipo aneba adziwe kuti munthuyo ndani.

Pali masiku ena ofunika kukonzekeratu. Kwa aneba kukagwa maliro, anthu amachezera panja usiku wonse, akulowa ndi kutuluka, ndipo galu wanu adzauwa aliyense pakati pa nyimbo ndi mapemphero. Msunthireni mbali ina ya nyumba kapena mukamusungitse kwa achibale mpaka mwambo utatha. Mabingu a mvula zoyamba mu Novembala ndi Disembala, ndiponso makombola a pa Khirisimasi ndi usiku wa pa 31 Disembala, amaopsa agalu kwambiri moti ena amadula unyolo n'kusowa. Tsiku limenelo muyendetseni dzuwa lisanalowe, adye msanga, ndipo pofika 7 koloko akhale ali m'chipinda cha m'kati chotseka mazenera, chiguduli chake chili pakona, madzi ali pafupi, wailesi ikulira chapansipansi. Akabisala pansi pa tebulo kapena kuseri kwa matumba musamukoke, musiyeni momwemo mpaka kunja kutakhala bata.